Nyenyezi ya Yefimu

Ndinamuuza Yefimu, mdzukulu wanga, mkazi wake akumva: "Nyenyezi imeneyo usaiponye m'tambula. Bwera nayo ndikuikire paphewa, basi."

Anaseka. "Agogo, nyenyezi yosatsuka siwala."

Kutsuka kwawoko n'kotere: msilikali wa panyanja akakwezedwa, anzake amaponya nyenyezi yachitsulo ya udindo watsopanowo m'tambula ya mowa wa vodika, iye n'kugugudiza osapumira mpaka aigwire ndi mano.

Mwanayu sanandimverepo. Ndinati madzi alibe pogwira, iye n'kukalowa sukulu ya asilikali a panyanja konkuno ku Vladivostok. Ndinati usamaimbe mluzu m'sitima, umaitana namondwe, iye mluzu tsiku lonse. Koma ntchito ankaidziwa, ndisaname. Tinyenyezi take ting'onoting'ono tonse anatigwira ndi mano bwinobwino. Tsopano anali atalandira yaikulu, pamodzi ndi sitima yakeyake yoyamba, yoti anyamuke nayo m'mawa mwake kupita ku Kamchatka. Sitima imeneyi ankailota kuyambira ali ndi mamina.

Chimene anthu onsewo anaiwala, ine sindinaiwale. Nyengo yozizira yathayi chingwe cha sitima chinamugulula mano awiri akutsogolo.

Masana a tsiku lotsuka nyenyeziyo anzake anadzaza nyumba, patebulo nsomba za hering'i ndi nkhaka za mumchere.

"Iwe, pakamwa pako pali khomo losatseka," ndinamuuza Yefimu.

Zinoviy, wachiwiri wake, anandigwira paphewa. "Agogo Agafiya, munthu wobweza sitima pa namondwe angalephere kachitsulo? Kapena tikuthirireni inunso?"

"Thirira amako. Ine ndanena."

"Imwa, mkulu!" anakuwa onse.

Yefimu anaimirira, natchula dzina lake ndi udindo wake watsopano monga amachitira, n'kupendeketsa tambula. Gugudu, gugudu. Anaika tambula pansi. Inali mbee. Tinayang'ana pamano, mbee.

"Ili kuti?" anafunsa mkazi wake.

Yefimu anangoloza pamimba, maso ali tong'o.

Kuchipatala anamujambula, nyenyezi n'kuoneka ili phee m'kati, nsonga zake zonse zisanu. Dokotala anati sapita kulikonse mpaka ituluke yokha, ndipo azidya phala ndi mbatata yokanya.

M'mawa sitima inanyamuka ndi Zinoviy. Yefimu anaionera pawindo, mbale ya phala ili m'manja. Ndipo kuyambira tsikulo, asilikali akakumana naye padoko, ulemu wawo saperekera kunkhope, amaperekera kumimba.