Mzere Wapamwamba wa a Laban

"Kapuyo musaike pamenepo, mundinyowetsera mzere," anatero a Laban osadzutsa mutu.

Akazi awo, a Hilda, anaima ndi tiyi m'manja kusowa poika, poti tebulo lonse linali mapepala okhaokha. Chipumireni ntchito yophunzitsa masamu, a Laban ankakhalira kujambula tchati choonetsa kukwera ndi kutsika kwa mtengo wa masheya a kampani ina ya magetsi, omwe anagula ndi gawo la penshoni yawo.

"Bambo a Vanessa, mvula yayandikira. Mwana wanu akubwera kuchokera ku Nchalo kudzachirira kuno, ndipo chipinda chake chimadontha. Khandalo mudzalifunditsa mapepala? Gulitsani masheyawo tigule malata."

"Tabwerani muone kaye." A Laban analoza ndi pensulo. "Mtengo ukafika pamzere wapamwambawu umabwerera. Koma ukamatsika, sukufikanso pansi pomwe unkafika kale. Ndiye kuti ogula akulimba mtima. Tsiku lina ubowola."

"Zobowoka tili nazo kale padengapa."

A Laban anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. "Chabwino, ndipatseni mpaka kutha kwa mwezi. Ukangodutsa mzerewu ndigulitsa. Ukakanika, ndigulitsabe."

Sabata yotsatira mtengo unatsika. M'mawa uliwonse a Hilda ankafunsa, "Wodwala wanu wadzuka bwanji lero?" Poyamba a Laban ankayankha nthabwalazo, koma mitambo itayamba kusonkhana kuphiri la Soche, anasiya kuseka. Ankatuluka panja n'kumayang'ana malata a dzimbiri aja, manja kumbuyo. A Hilda anamva chisoni, nasiya kuwaseleula.

Lachinayi lina masana, a Hilda akuyanika zovala, anamva kukuwa m'nyumba.

"Mayi a Vanessa! Wadutsa! Wabowola!"

Anapeza amuna awo akuvina osavala nsapato, foni m'mwamba. Mawa lake onse awiri anakwera minibasi pa Chitawira kupita m'tauni, kuofesi yothandiza anthu kugula ndi kugulitsa masheya. Mayi wa pamenepo, dzina lake Millicent, anatambasula tchati chapamanja chija n'kuchiyerekeza ndi cha pakompyuta yake.

"Mwajambula bwino, bambo. Mwachitanso mwayi, sabata ino ofuna kugula ndi ambiri. Masiku ena munthu amadikira nthawi yaitali wogula osaoneka."

A Hilda anasendeza mpando. "Ndiye kuti ukhoza kukweranso?"

"Ukhoza, mayi. Ukhozanso kutsika mawa lomwe. Tchati chimangosonyeza zomwe zachitika, sichilonjeza kanthu."

A Hilda anayang'anitsitsa kompyuta ija, maso ali gwa pa kamzere kokwera. Kenako anakoka amuna awo malaya. "Bwanji tidikireko pang'ono? Vanessa akhoza kugona pabalaza."

A Laban anatembenuka pakamwa pali yasa. "Inuyo? Inu nomwe?"

"Taonani mmene kakuthamangira!"

Millicent anabisa nkhope kuseri kwa fayilo, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Ayi, mayi," anatero a Laban. "Ndinanena kuti ukadutsa ndigulitsa. Ndikayamba kusuntha mzere lero, ndidzausuntha mpaka kalekale. Mdzukulu wanga sagona pabalaza."

Anakangana motsitsa mawu ngati ana m'kalasi, mpaka Millicent anawauza kuti palibe chowakakamiza kugulitsa onse. Anagwirizana kugulitsa okwanira malata ndi kulipira mmisiri. Otsalawo, a Laban anapempha kuti asamutsidwire m'dzina la akazi awo.

"Amenewo ndi anu. Tsiku logulitsa mudzasankha nokha, ine ndizidzangokufunsani m'mawa uliwonse."

Atatuluka, anakwera minibasi ya ku Limbe kukaona malata. Kondakitala anawapanikiza kumpando wakumbuyo, mawondo atagunda thumba la makala. Asanafike n'komwe pa Ginnery Corner, a Hilda anatambasula dzanja.

"Tabweretsani foniyo. Paja mumadina pati kuti muone mtengo?"