Zolemba Kuseri kwa Chigongono

Mkono wanga unali utakhala m'beseni mphindi khumi pamene achemwali anga anakankha chitseko cha kubafa.

"Iwe, wapenga? Chikhakha amachiviika m'madzi?"

"Fupali silinathyoke," ndinatero. "Langochita mng'alu. Anatero adokotala."

Kunena zoona, nanenso sindinkadziwa. Masabata awiri m'mbuyomo, nditangomaliza mayeso a kusekondale, ndinagwa pa njinga. Kuchipatala, adokotala anaunika chithunzi cha fupalo pawindo nati ndi mng'alu. Namwino anati lathyoka. Amayi anaumirira kuti ndangobinya. Nditafunsa kuti zoona n'ziti, onse anandiyankha chimodzi: masabata asanu ndi limodzi m'chikhakha.

Pabenchi, ndikudikira kuti chikhakha chiume, ndinakhala pafupi ndi makaniko wina woyendera ndodo ziwiri. Anali ndi kamwetulidwe ka mbali imodzi kamene kanandiiwalitsa ululu.

"Inu munagwa mukuthamangira ndani?" anafunsa.

"Palibe."

"Ndiye mwawononga fupa pachabe."

Anabwereka cholembera kwa namwino, n'kulemba pa chikhakha changa, kuseri kwa chigongono kumene maso anga sakanafika.

"Mudzawerenge akadzachichotsa. Musaonetse munthu."

Masiku khumi ndi anayi ndinakhala ndikupotokola khosi. Pagalasi tizilembo tinkaoneka motembenuka. Lero ndinkaona ngati nambala ya foni, mawa ngati mawu oyamba ndi "ndimaku". Kapena linali dzina la galaja chabe? Kufunsa achemwali kukanakhala kulengeza pawailesi. Ndiye ndinadziuza kuti mng'alu si kuthyoka, ndipo mng'alu sungadye masabata asanu ndi limodzi a moyo wanga.

Chikhakha chitafewa ndinachisenda ngati khungwa, achemwali atagwira pakamwa. Mkono unatuluka woonda, wotuwa, wonunkha. Nditayesa kunyamula beseni, ululu unandilasa mpaka m'mano.

"Mng'alu wakowo ndi umenewo," anatero achemwali. "Vala, ukawafotokozere wekha adokotala. Nanga ukusakasaka chiyani m'madzimo?"

Ndinavuula chidutswa cha kuchigongono. Chinali chitasanduka phala, nsalu yake ikulendewera pakati pa zala zanga. Ndinachitembenuza uku ndi uku.

"Achemwali, taonani bwinobwino. Apapa pali chilembo?"

Anawerama, natsinzina diso limodzi.

"Ine ndikuona utoto basi. Analemba ndani?"

Makaniko uja, ngakhale dzina lake sindinamufunse. Ndinangoyang'ana m'beseni, momwe kamtambo ka inki yabuluu kankafalikira pang'onopang'ono m'madzi oyera ngati mkaka.