Malo a Tithokoze

Tithokoze anazipeza nsapatozo pa kaunjika, tsiku la msika pa Santhe, zitakwiririka pansi pa majuzi. Zinali zakuda, iliyonse ili ndi matayala anayi ondondozana kunsi kwake. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe ntchito yake. Anangoti, "Tengani, zikungondilemetsa pa njinga."

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mwana wa a Lameki, tenanti wochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ya a Nthanda. Masabata oyamba anagwa mpaka mawondo onse kuchita zipsera. Koma patapita miyezi ingapo, akaweruka kumunda, ankatsikira kumsewu wa phula wopita ku Mchinji n'kumawapitirira a kabaza, atawerama, dzanja limodzi lili kumsana. Amayi ochokera kuchigayo ankaima ndi matumba pamutu kumuyang'ana.

Tsiku lina a Duncan, mphunzitsi wa zamasewero pa sukulu ina yapafupi, anamuimitsa.

"Mtsikana iwe, ukudziwa kuti zimenezi anthu amapikisana nazo, mayiko ndi mayiko? Kumayiko ozizira anayamba kalekale, agogo ako asanabadwe, akuthamanga pa madzi oundana. Kwathu kuno ndi pa phula pomwepa."

A Duncan anakapeza nsapato zina ku Lilongwe n'kuyambitsa kagulu. Mmodzi mwa olowa anali Lefina, mwana wa a Nthanda, eni esiteti aja. Anali wamantha kwambiri. Tithokoze ndi amene anamuphunzitsa, akumugwira manja onse awiri, iye akuyenda chafutambuyo mpaka mnzakeyo atazolowera. Anakondana kwambiri. Lefina ankabwera kuchigafa kudzamuthandiza kusoka fodya kuti amalize msanga, ndipo ankamutchula kuti asisi ngakhale pamaso pa bambo ake.

Kenako kunabwera kalata. Bungwe la masewerowa linkafuna mtsikana mmodzi wa ku Kasungu woti akapikisane ku Kenya ndi anzake a mayiko ena. A Duncan anayeza makilomita asanu pamsewu, atsikana asanu ndi awiri n'kuima pamzere. Tithokoze anafika poyamba, anakhala pansi, anamasula zingwe za nsapato imodzi, m'pamene Lefina anatulukira. Anafika ali wefuwefu n'kumukumbatira.

"Mukatibweretsere chikho, asisi!"

A Duncan anamuuza Tithokoze kuti akajambulitse zithunzi za pasipoti, abweretsenso kalata ya kumudzi kwawo. Amalume ake anaitumiza pa basi kuchokera ku Phalombe. Iye anaika zonse mu envulopu n'kupereka.

"Zotsalazo undisiyire ine," anatero a Duncan.

Sabata lomwelo kunali kuitana mayina a makuponi a feteleza. A Lameki anakhala padzuwa tsiku lonse n'kubwerako chimanjamanja, monga chaka chilichonse, chifukwa ankati iwo ndi obwera. Atamupeza mwana wawo akupukuta matayala, anati, "Usafulumire kusangalala, mwana wanga. Kunotu dzina la tenanti limasowa pa pepala."

"Izi si za makuponi, ababa. Anthu onse anaona ndi maso."

Mwezi unatha, wina n'kutha. Akafunsa, a Duncan ankangoti zikuyenda. Lefina anasiya kubwera kumsewu, akuti bondo likumupweteka. Tithokoze anamutengera mafuta opaka mpaka kunyumba yaikulu, koma wantchito anamubweza pakhomo, akuti Lefina wagona.

Loweruka lina m'mawa, akuchokera kumunda ndi mtolo wa fodya pamutu, anaona galimoto ya a Nthanda itaima pageti, chikwama chachikulu chili kumbuyo. A Duncan anali atavala jekete. Pambali pawo panali Lefina, atavala zovala zatsopano zamasewero za mtundu wa mbendera, akuyenda bwinobwino.

Tithokoze anatula mtolo uja pansi.

"Lefina, ukupita kuti?"

Lefina anayang'ana kumapazi. A Duncan ndi amene anayankha.

"Ndimati ndikuuze. Pasipoti yako yachedwa, ndiye malo sangangopita pachabe."

"Yachedwa kuti? Ndipatseni kapepala kosonyeza kuti munakapereka."

A Duncan anasisita chibwano, anayang'ana kwa a Nthanda amene anali atakhala kale pa chiwongolero, kenako anatsegula chikwama chawo cha m'manja n'kutulutsa envulopu. Inali yomweyo, yomata monga anaimatira iye mwini. Sinafike ku ofesi iliyonse.

"Umvetse," anatero motsitsa mawu. "Nsapato zonse za gulu lathu anagula ndi bwanawa. Ine ndikanatani?"

Tithokoze anatembenukira kwa mnzake.

"Iwe unadziwa liti?"

"Ababa ndi amene ananena, asisi. Ine sindinafune."

"Ndakufunsa kuti unadziwa liti."

Lefina anayamba kulira. "Tisanathamange. Anali atagwirizana kale."

Tithokoze anakumbukira mpikisano uja. Ndiye kuti tsiku lija Lefina ankamukumbatira akudziwa. Ndiye kuti makilomita asanu aja anali ongosangalatsa anthu. A Nthanda analiza hutala, awiriwo anakwera, galimoto n'kunyamuka. Tithokoze anasenzanso fodya wake n'kupita kuchigafa, kumene anasoka tsiku lonse.

A Lameki sanakadandaule kwa bwana. Nyumba imene ankagonamo inali pa malo a a Nthanda, ndipo fodya anali asanagulitsidwe. Anangomuuza mkazi wawo kuti chaka chino n'chomaliza pa esiteti imeneyi.

Lefina anabwerako patapita masiku khumi. Pa atsikana makumi awiri anakhala wachiwiri kuchokera kumapeto. Anafika kunyumba kwa a Lameki atanyamula zovala zamasewero zija, zochapa ndi zopinda bwino.

"Izi n'zanu, asisi. Zinayenera kukhala zanu."

"Zinasokedwa pa msinkhu wako," anatero Tithokoze. "Bwerera nazo. Ndipo usadzanditchulenso choncho."

Fodya atatha, banjalo linasamukira ku esiteti ina ku Lisasadzi. Kagulu ka a Duncan sikanakhalitse, poti makolo ena atamva nkhaniyi anawaletsa ana awo. Chaka chotsatira a Duncan anapalasa njinga mpaka ku Lisasadzi, akuti kwabweranso kalata ina ndipo ulendo uno zonse zidzayenda mwachilungamo. Anamupeza Tithokoze akuthirira nazale. Anawamvetsera mpaka atamaliza, kheni ili m'manja.

"Pepala la mayina mudzalemba ndi inu nomwe?"

"Eya, ndine."

"Ndiye muyende bwino, aphunzitsi."

Anawasiya ataima pomwepo n'kutsetserekera kudambo kukatunga madzi ena.