Masokosi a Pius

"A Pius, chipinda ichi si chowotheramo moto. Choziziritsachi musazimitse, ndipo pamakinapa musayanikepo ngakhale kampango."

Anatero Tamara, mwana wa ku Kaseye, amene amayang'anira makompyuta onse pahotela ya a Lameck kufupi ndi Lufita. Pius anali wolandira alendo, kwawo ku Nsanje kotentha kuja, ndiye mphepo ya Juni ya kuno ku Chitipa inkamulowa mpaka m'mafupa.

"Achemwali, anthu tikunjenjemera, inu mukukupiza chitsulo?" anaseka Pius. "Chili ndi magazi?"

"Chikatentha chimakomoka. Chikakomoka sitidziwa mlendo wa chipinda chiti, ndipo makhadi otsegulira zitseko sapangika."

Chinthu cholira usana ndi usiku osapempha chakudya n'chofunika kuchiopa, anthuni. Koma Pius anaona kuti kabati yachitsulo yosungiramo makinawo imapuma mpweya wofunda ngati mbaula. Tamara atatsika kukakonza mawaya kumalo odyera, iye analowa, n'kuzimitsa choziziritsa, n'kutseka chitseko. Masokosi onyowa ndi mame anawayala pazibowo zopumira makina, pamwamba n'kufunditsa juzi. Kunafundadi bwino. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, koma ataitanidwa anatuluka n'kuiwala zonse momwemo.

Tsikulo n'limene anafika anamwino ochokera ku Lilongwe, minibasi yodzaza, kudzachita msonkhano. Pius anadina kompyuta, ili zii. Anadinanso. Atamva fungo la nsalu yowauka, anakumbukira masokosi aja. Ntchito yatha basi! Akauza chiyani mkazi wake, amene anali atangofika kumene ndi khanda?

Tamara anabwera chothamanga. Anaona masokosi, n'kuyang'ana Pius. Anazimitsa magetsi a kabatiyo, kenako anatulukira kwa alendo akumwetulira.

"Amayi, pepani ndi ulendo. Tiyi wa ku khitchini wapsa, yambani mwafunditsa m'mimba."

Alendo akumwa tiyi, Tamara anatulutsa kompyuta ina yaing'ono. Ankakoperamo zonse tsiku lililonse asanaweruke, pomwe anzake ankamunena kuti amachedwa dala. Analumikiza kachipangizo kopangira makhadi, n'kukhazika Pius pampando.

"Ndinakuphunzitsani izi. Yambani ndi amayi a chipewa chofiirawo."

Palibe mlendo amene anadziwa kuti panachitika zinthu. Koma a Lameck anadziwa, poti makina aakulu anali atapsa.

"Nyamula katundu wako, uzipita!" anamukalipira Pius.

"Adada," anatero Tamara polemekeza bwana wake, "kulakwa walakwadi. Nanenso ndinasiya chitseko chosakhoma, podziwa kuti munthu akuzizidwa. Lero ndikhomapo loko. Mukamuchotsa, khanda lija lidya chiyani?"

Ana oterewa ngosowa, Mulungu aziwasunga, poti wina akanangosamba m'manja.

Pius sanachotsedwe, koma pampando wofewa paja anatsikapo. A Lameck anamutumiza kugeti, kumene mphepo yochokera kumapiri a Mafinga imayamba kumenya isanalowe m'nyumba ya munthu. Ali komweko mpaka lero, milomo yong'aluka, atadzikulunga m'chijasi cha kaunjika chimene Tamara anamugulira pamsika. Tamara akamadutsa m'mawa, Pius amatsegula geti lonse ngati kukulowa galimoto, mano akugundana.

"Yewo chomene, achemwali. Yewo."