Bwinja la ku Roma

Bernado Mwale anabwerako ku Roma m'chilimwe cha 1950, atavala jekete lakuda, chipewa cha mlaza wa Azungu ndi nsapato zolira kwiii, kwiii, ngati chitseko cha tchalitchi. Dzuwa linali loswa mtengo, koma jeketelo sanalivule. Munthu wochokera ku Roma angavule bwanji jekete pamaso pa anthu a ku Zemba?

Musaganize kuti anapitako chifukwa cha kuyera mtima. Ayi ndithu! Ku mishoni kunali wansembe wina wokalamba amene maso ake anachita khungu, ndipo ankabwerera kwawo ku Ulaya kukapuma. Ankafuna munthu womugwira dzanja pa njira, wa mapewa olimba ndi Chizungu cha apo ndi apo. Maere anagwera Bernado, woyambitsa nyimbo pa tchalitchi chaching'ono cha ku Zemba. Ku Roma anangokhalako masiku ochepa, wansembeyo akutsanzikana ndi akuluakulu ake, kenaka Bernado anabwerera ndi wansembe wina wachinyamata amene ankabwera kuno. Koma mukanamumva akusimba, mukanati anakulira komweko.

Pansi pa matama onsewo panali nkhani imodzi imene inkamudya mtima. Kwawo kwa Bernado kunali ku Mlolo, ndipo ku Zemba anali mkamwini chabe, pamudzi pa apongozi ake aKeziya. Anawalimira, anawamangira nkhokwe, anawabalira zidzukulu zitatu. Kawiri konse anapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake Imelda akakhale naye ku Mlolo, ndipo kawiri konse aKeziya anakana. Komatu ku Mloloko amake, aElinata, anali atatsala okha. Tsopano Bernado anati mumtima mwake, munthu amene waoloka nyanja yamchere sangakanizidwe chitengwa ndi mayi amene sanafikeko ndi ku tauni ya Foti Jemisoni komwe.

Vuto linali lakuti iye ndi apongozi ake sankalankhulana, monga mwa mwambo. Chikwatirireni sanawayang'anepo kumaso. Akakumana pa njira, Bernado ankapatukira kutchire, ndipo tsiku lina anapatukira mu chitedze, nadzikanda mpaka kuvula malaya pakati pa msewu. Choncho nkhani yonse inayenera kudzera mwa aFilipo, mlongo wawo wa aKeziya, amene anali mwini mbumba pa dzina lokha. Mudzi wonse unkadziwa kuti aFilipo satsokomola asanapemphe kwa mlongo wawo.

Patapita masiku ochepa chibwerereni chake, masana ena anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti amve pempho lake. Bernado anakhala pa mpando, nsapato zili poyera kuti aliyense azione. AKeziya anakhala pa mphasa pafupi ndi nkhokwe, atafulatira, akusenda nsawa m'lichero. AFilipo anakhala pakati ngati mlatho. Imelda anali chapatali ndi mwana kumsana, maso ali pansi, chifukwa mwamuna wake ankamudziwa ndipo amake ankawadziwanso.

Bernado anaganiza zoyamba wawafewetsa ndi zodabwitsa za ku Roma.

"Amalume," anatero kwa aFilipo, "auzeni amayi kuti kuli tchalitchi chimene Zemba yense angalowemo, ndi ng'ombe zomwe, malo n'kutsalabe. Ndinakwera mpaka pa denga lake, makwerero ozungulira mpaka mutu waa! Poyang'ana pansi, anthu anali ngati nyerere."

"Alongo," anatero aFilipo, "akuti kuli tchalitchi chimene Zemba yense..."

"Ndamva, makutu ndili nawo," anatero aKeziya osatembenuka. "Afunseni ngati mwini mudzi anawalonjera."

Bernado anakonza kolala. Anafotokoza kuti mwini mudzi wa kumeneko ndi munthu wotanganidwa kwambiri, ndipo alendo anali ochuluka ngati mchenga.

"Ndiye kuti sanawalonjere," anatero aKeziya. "Nanga nkhokwe zawo ndi zazikulu bwanji?"

Nkhokwe! Bernado anayenda m'mutu mwake misewu yonse ya miyala imene anadutsa atagwira dzanja la wansembe uja, koma nkhokwe sanaipeze ndi imodzi yomwe. Anavomera kuti sanaione.

"Kalanga ine, anthu osauka," anatero aKeziya, nsawa ikulira thwa m'manja mwawo.

Anthu anayamba kuseka chamumtima. Bernado anafulumira kusimba za anthu osema pa mwala woyera, aatali kuposa nyumba, oima m'misewu ndi m'nyumba zikuluzikulu zimene anthu amalowamo kukangowaona basi. Anati mitsempha ya m'manja mwawo imaoneka ngati magazi akuyendamo. Apa mayi wina wa m'gulumo anafunsa kuti anthu amiyalawo amavala zotani. Bernado akananama, koma anali woyambitsa nyimbo za m'tchalitchi. Ananena motsitsa mawu kuti ambiri savala kanthu, ndipo ena alibe mitu, ena alibe manja.

"Alongo," anatero aKeziya, "ndiye kuti nsalu zawo zonse anagulitsa kwa Amwenye a ku Foti Jemisoni."

Apo ndiye chiseko chinaphulika. Ngakhale Imelda anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa Bernado, koma anati mwamuna sagwa ndi chibakera chimodzi. Anasimba za kasupe wamkulu pakati pa mzinda, madzi akutuluka pansi pa akavalo amiyala usana wonse osaphwa. Anati alendo amafika pamenepo, n'kufulatira, n'kuponya kakobiri m'madzimo kuti adzabwerenso.

Manja a aKeziya anaima pang'ono.

"Afunseni ngati iwonso anaponya."

"Abambo ansembe anandipatsa kakobiri," anatero Bernado. "Sindikanakana."

"Ehe! Ife tikathira ufa patsinde pa mtengo kupempha mvula, akamwini anga amatiimbira nyimbo za kumoto. Kumeneko nsembe yake ndi ya ndalama, ndipo amapereka chofulatira, opanda ndi kuomba m'manja komwe. Mizimu ya kumeneko ndi yoleza mtima."

AFilipo anayesa kubwereza mawuwo, koma chiseko chinawatsamwitsa.

Bernado anali atasunga chachikulu kuti chikhale chomaliza. Anaimirira, natambasula manja. Anati pakati pa Roma pali chinyumba chozungulira ngati khola, koma khola lake loti phiri lingalowemo. Zipupa zake ndi zosanjikizana, makomo pamwamba pa makomo, ndipo chinamangidwa makolo a makolo athu asanabadwe. Anthu amachokera m'maiko onse kudzangochiyang'ana, ena mpaka kulira.

"Mumakhala yani?" anafunsa aKeziya.

"Simukhala munthu."

"Denga lake ndi la chiyani?"

"Denga palibe. Mbali ina chipupa chinagwa. Ndipo pafupi pake pali malo ena aakulu, nsanamira zokhazokha, zina zoimirira, zina zogona m'udzu."

"Eni ake ali kuti?"

"Anafa kalekale. Ena anasamuka."

AKeziya anapeta nsawa zawo kawiri, nauzira makoko.

"Alongo, ndithandizeni, mwina ukalamba wandigontha. Sitima ya pamtunda, sitima ya pamadzi, kusanza njira yonse monga anatiuzira dzana, ana kuno akulira atate awo. Zonsezo kukaona bwinja? Bwinjatu lilipo kuseri kwa dambo kuno, pamene tinasamuka chaka cha dzombe. Akanandiuza ndikanawalozera. Afunseni ngati la kumenekolo pamamera maungu."

"Sipamera," anatero Bernado ndi mawu a munthu wodwala.

"Bwinja lopanda ndi maungu omwe!"

Anthu anagubuduka ndi chiseko, wina mpaka kumenya pansi ndi chikhatho. Bernado anakhala pansi. Manyazi anamugwira, ndipo anaona kuti chitengwa chija chapita ndi mphepo kachitatu. Nsapato zinali zikumuluma kuyambira m'mawa. Anawerama, nazimasula, nazikankhira pansi pa mpando. Anavulanso jekete lija, malaya ali chonyowa ngati wagwa mu mtsinje.

Panali chinthu chimodzi cha ku Roma chimene sanauzepo munthu, chifukwa sichinali chodzitamira nacho. Chiseko chitazirala, anachinena, osatambasulanso manja, maso ali pa zala za kumapazi kwake.

"N'zoona, amalume, ndi bwinja. Tsiku lomaliza abambo ansembe anatopa, ndiye tinakhala pa nsanamira ina yogwa. Kunabwera mayi wokalamba, wovala zakuda, ali ndi kaphukusi ka makombo. Anayamba kuitana, ndipo m'mapanga a miyala ija munatuluka amphaka. Aliyense anali ndi dzina lake. Ankawadyetsa, akuwakalipira, akuwafunsa kumene anagona. Abambo analankhula naye m'chinenero chawo, n'kundimasulira. Mwana wake wina anafera ku nkhondo, ena anaoloka nyanja kukafuna ntchito. Mayina a amphakawo anali a ana akewo."

Palibe anaseka.

"Ine ndinati za Azungu izi, kwathu sizingachitike. Pobwera ndinayamba ndadzera ku Mlolo. Nyumba ya mlongo wanga amene anamwalira inagwa. Ya mlongo wanga wina, amene mwamuna wake anamutengera ku migodi, denga linaloweka m'kati. Pabwalo pamene tinkasewera pamera chisoso. Ndisanafike pakhomo ndinamva amayi akukalipa, akuti, 'Bernado, iwe Bernado, wagonanso kwa eni!' Ndinathamanga, ndimati andiona. Ndinapeza akuthamangitsa tambala."

Wina anayamba kuseka, koma chisekocho chinafera pakhosi.

"Thadzi lina ndi Theresa, lina ndi Elizabeti, mayina a alongo anga aja. Tambala ndiye ine, chifukwa sagona pakhomo. Ndinaseka nawo, amalume, koma mtima unandipweteka kwambiri, ndipo ukundipwetekabe. Mako ndi mako. Za Roma ndimangokometsera pakamwa, ndimati mwina mundiona ngati munthu. Chimene ndikupempha ndi chomwe chija. Ndiloleni nditenge Imelda ndi ana, pakhomo pa amayi pamveke mawu a anthu."

Anaomba m'manja mwaulemu. Nsawa zinali zitasiya kulira. AKeziya anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kutsogolo kwawo, kumene kunali nyumba yawo, ya Imelda, ndi ya mwana wawo wina, Monika, amene mwamuna wake sankadziwa ndi kumanga mtolo wa udzu komwe.

"Alongo," anatero pomaliza, ndipo mawu awo sanali akuthwa ngati kale, "inu mumati ndimakana chifukwa cha nkhanza. Ine ndimaopa. Imelda akachoka, wonditungira madzi ndikadwala ndani? Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Asewere anga akulankhula ndi nkhuku ine ndili ndi zidzukulu zondisokosa mpaka mutu kuwawa."

Kenaka anachita chimene sanachitepo. Anatembenuka ndi mphasa yomwe, nayang'ana mkamwini wawo kumaso.

Mayo! Bernado, munthu amene anaima pa denga la tchalitchi chachikulu cha ku Roma osanjenjemera, anadzambatuka pa mpando, maso akusakasaka tchire loti athawireko. Tchire panalibe, panali nkhokwe yokha.

"Khalani pansi, atate ake a ana," anatero aKeziya, kulankhula naye iye mwini. "Chitedze chinakukwanani chija. Nsawa izi mukapatse amayi anu, ndipo kuyambira lero ine ndi inu tizilankhulana. Mkazi wanu mutengeni mvula isanagwe, mukalime kumeneko. Koma chaka ndi chaka, udzu ukauma, muzibwera kudzandifolera nyumba. Roma wanuyo sindikumufuna pano."

Imelda analira mokweza, osadziwika ngati n'chimwemwe kapena chisoni, ndipo mwina zinali zonse ziwiri. AFilipo anatsokomola, nalengeza mwaukulu kuti iwo monga mwini mbumba avomera. Palibe anawamva.

Bernado anagwada, nalandira lichero ndi manja awiri. Apo m'pamene anaona nkhope ya apongozi ake koyamba. Zaka zonsezi ankangodziwa msana wawo ndi lilime lawo, ndipo m'maganizo mwake anali chimayi chachikulu choopsa. Koma pamaso pake panali mayi wochepa thupi, wa imvi, masaya olowa, maso ofiira ndi misozi imene ankaikaniza. Anali wokalamba ngati amake.

Anthu atabalalika, aKeziya anatola nsawa zoswekasweka zimene zinagwera pa mphasa, naziwaza pabwalo, akuitana nkhuku zawo ndi kamlomo. Zinabwera zikuthamanga, ndipo Bernado anaima ndi lichero lake akumvetsera. Nkhuku za aKeziya zinalibe mayina. Analumbira mumtima kuti iye ali moyo sizidzakhala nawo.