Mlandu wa Maso

Mlandu wa Awa unali maso. Apongozi ake, mayi a Shafi, ankati mtengwa wawoyu amawatong'olera maso ngati wawapezerera akuba nkhuku.

Awa anapepesa mpaka kutopa. Popereka moni ankazolika, koma akangodzutsa mutu maso aja ali tong'o, mwini wake osafuna. Zina zinkangothira mafuta pamoto. Ankadya za anthu awiri koma chitenje chinkangomukulira. Poyanika usipa pathandala manja ankanjenjemera, mtima uli di di di ngati wathamangitsidwa ndi galu, thukuta lili kamukamu ngakhale mu Juni. Ana akagwetsa kapu ankawakalipira, kenaka n'kulira yekha. Anayezetsa malungo, anayezetsa kachilombo katatu konse, osapezeka kanthu. Koma anthu a ku Lungwena sasowa dzina la matenda a mnzawo: ena ankati majini, ena ankati ndi mtima woipa chabe.

Shafi, mwamuna wake, ankamva zonsezi pafoni ali ku Joni. Analamula kuti ankhoswe akhale pansi Lachisanu akachoka kumzikiti. Akapeza kuti mkaziyo ndi wamwano, banja lithe ndi talaka, chisudzulo cha Chisilamu.

Tsikulo kunali dzuwa la Okutobala. Awa anakhala pamphasa patsinde pa mtengo wa mango, akumva apongozi akundandalika zolakwa zake. Mphamvu zodziteteza analibe. Kutentha kutamukwana anamasula mpango womwe unkamuphimba mutu ndi khosi, zomwe sanachitepo pamaso pa akuluakulu.

"Mwaonatu," anatero apongozi. "Ulemu wake ndi umenewu."

Koma a Tatu, azakhali a Shafi, amene anapuma pa ntchito ya unamwino, anali atasendera pafupi.

"Amake Shamima," anatero kwa Awa, "tamezani malovu."

Awa anameza. Kachotupa kanakwera pakhosi n'kutsikanso.

"Tatambasulani manja."

Zala zinanjenjemera anthu onse akuona.

"Alamu, uwu si mwano," anatero a Tatu. "Ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi apa. Chikamagwira ntchito mopyola muyeso munthu amaonda uku akudya, mtima umathamanga, maso amatuluka. Mawa ndipita nawo ku boma akayezedwe magazi."

Magazi anavomereza. Awa anabwera ndi mapiritsi m'kapepala, ndipo adokotala anamuuza kuti mtima udekha pakapita masabata, koma maso amachedwa, mwina osabwereranso mwakale. Shafi anaimba foni, za talaka osazitchulanso, ngati sizinachoke pakamwa pake. Awa sanasangalale monga ankayembekezera. Ankangowerenga miyezi isanu ndi itatu imene anakhala akugwada kupepesa matenda.

Apongozi anamupeza pakhonde akumwa piritsi lachiwiri. Anaima kanthawi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Nanga inunso osanena bwanji kuti mukudwala?"

Awa anawayang'ana, maso ali tong'o monga kale. Ulendo uno sanazolike.