Mabowo m'Khoma la a Levulo

"Malume, mabowo anga ali kuti?"

A Levulo anali pamwamba pa katawala, nsanja ya matabwa yokwerapo omanga, mpeni womangira uli m'manja, pamene funsolo linawapeza. Anasuzumira pansi. Mwana wa mlongo wawo anali ataima pakati pa mulu wa mchenga ndi njerwa, pulani ili m'manja, pensulo itasomekedwa m'tsitsi monga mwa masiku onse. Ndiye amene anajambula nyumba yonseyo, holo yodikiriramo odwala pambali pa chipatala chakale, ndipo anthu a pantchitopo ankangomutchula kuti Napensulo. Anachokapo masabata awiri kukaona ntchito ina. M'masabata awiriwo khoma la kum'mawa linakwera kuchoka m'chiuno mpaka kufika kudenga.

"Ndinatseka," anatero a Levulo akutsika mosathamanga. "Usandithokoze, ndi ntchito yanga."

"Munatseka? Onse mazana atatu aja?"

"Onse. Ndinaona papulani pako pali timipata timipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Ndiye ndinati mwana anatopa pojambula, tisamuchititse manyazi pagulu."

Napensulo anakhala pa wilibala yogadabuzika nagwira kumutu.

Dzina loti Levulo silinabwere chabe. Bamboyu anali atamanga nyumba zaka makumi anayi, ndipo chida choyezera kuwongoka kwa khoma chija sichinkachoka m'khwapa mwawo. Onyoza ankati ngakhale mpando wa kwa apongozi amayamba auyeza asanakhalepo. Chimene ankadzitama nacho chinali chimodzi: palibe khoma lawo limene linagumulidwapo, ngakhale njerwa imodzi. Tinene zoona, khoma latsopanoli linali lokongola. Njerwa zake zinali zadothi la pamalo pomwepo, zopanikizidwa ndi makina, zosaotcha ndi nkhuni. A Levulo anaziyala monga pulani inanenera, koma pa mpata uliwonse anadula kanjerwa n'kukalowetsamo mwaluso loti msoko wake sungauone. Masiku asanu athunthu anathera pa ntchito imene palibe anawatuma.

Kapitawo anatulukira, mimba patsogolo, foni kukhutu. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako kuseka kunatha.

"Akulu, safunsa anadya phula. Lachisanu teni koloko eni ntchito akubwera, akuluakulu a zaumoyo, pulani ili m'manja. Lero ndi Lachitatu. Mutsegule nokha mabowowo, apo ayi ndiitana mmisiri wina adzaboole inu muli kwanu."

"Galu wamkota sakandira pachabe," anayankha a Levulo. "Khoma ntchito yake n'kutseka. Lolowa mphepo ndi khola la nkhuku. Nanga mvula?"

"Khonde latalika mamita awiri mbali imeneyo, malume," anatero Napensulo.

"Akuba?"

"Wakuba wolowa pabowo la kanjerwa, ameneyo tingomupatsa ntchito ku chipatala, azitichotsera minga."

Amisiri ena anaseka chobisa. Kusekako kunawalasa a Levulo kuposa mawu a kapitawo. Anadziwa kuti ntchitoyi anaipeza chifukwa cha mwanayu, amene anawaikira kumbuyo pamene kontirakitala ankati akalamba. Koma kutenga hamala n'kumenya khoma lawo lomwe, anthu akuona? Ayi ndithu. Anapukuta mpeni wawo, anakulunga chingwe, nayamba kulonga zida m'thumba.

"Tsobola wakale sawawa, tamva," anatero. "Tsalani ndi nyumba yanu ya zibowo."

Napensulo sanawakanize. Anangoyenda nawo mpaka pakhomo la holoyo nati, "Musanapite, malume, khalani nane m'katimu ola limodzi lokha. Sindikulamula ngati mwini pulani. Ndikupempha ngati mwana wanu."

Pempho lotero munthu sakana. Analowa nakhala pa njerwa zosanjikiza, pomwe mabenchi adzakhale. Inali nthawi ya wani koloko, amisiri atapita kukadya. Denga linali lalitali, lokhala pa mizati, ndipo pakati pa denga ndi makoma panali mpata wozungulira nyumba yonse. Komabe mpweya wa m'katimo unali utaima nji. Pasanathe mphindi khumi malaya a a Levulo anamatirira kumsana. Sanafune kupukuta thukuta mwanayo akuona, choncho linangoyenderera mpaka kuchibwano.

"Ndisanagwire pensulo ndinakhala pamalo pano masabata atatu," anayamba Napensulo. "Ndinazika timitengo paliponse, n'kumangirira tinsanza kunsonga. M'mawa, masana, madzulo, ndinkangoyang'ana kumene tinsanzato tikuloza. Anthu ankati mtsikana uja mutu wabalalika ndi sukulu. Ndinapeza kuti dzuwa likangokwera, mphepo imachokera kudambo uko, n'kudutsa pansi pa mitengo ija, n'kufika pano itazizira. Amayi odikira ku chipatala chakale amadziwa kale zimenezi. Amasiya mabenchi n'kukakhala pansi mbali imeneyi, dzina lawo likaitanidwa osamva."

A Levulo anangoti, "Mh."

"Mukukumbukira tsiku lija tinabwera ndi amayi?"

Ankakumbukira, ndipo sankafuna. Panali patapita zaka khumi ndi zisanu. Mlongo wawo anali atadwala chifuwa, ndipo iwo ndi amene anamunyamula kumsana kuchoka pamsewu mpaka m'kanjira kopapatiza ka chipatala chakalecho, ka malata otsika, kopanda zenera. Anthu anali atapanikizana ngati matumba m'nkhokwe. Mlongo wawo ankawakoka malaya nati, "Achimwene, nditulutseniko, ndikufuna kamphepo." Iwo ankayankha kuti, "Pirira, tikatuluka malo athu pamzere atha." Anapirira maola anayi. Anamwalira patapita miyezi itatu, ndi matenda ake omwewo, koma a Levulo mpaka lero mtima unkawapweteka kuti kanthu kochepa choncho, kaulere, anamumana.

"Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero Napensulo. "Ndinkawakupiza ndi chiphaso chakuchipatala. Mabowo amenewa ndinayamba kuwajambula tsiku limenelo, kungoti pensulo ndinalibe."

A Levulo anapukuta thukuta lija ndi mkono wa malaya. Kenako mwanayo anati, "Chotsani kanjerwa kamodzi kokha. Mukaona kuti ndi zachibwana, ndikuperekezani mpaka pamsewu ndekha."

A Levulo anamasula thumba. Anatulutsa hamala ndi tchizulo. Anasankha kanjerwa kofanana ndi nkhope ya munthu atakhala pansi. Anamenya kamodzi, kawiri. Ntchito yawo inali yolimba, inakana. Kachisanu kanjerwako kanasuntha n'kugwera kunja, phi!

Mphepo inalowa.

Sinali yambiri. Inali yopyapyala ngati madzi otuluka pa kabowo ka ndowa, koma yozizira, yonunkhira udzu wonyowa. Inawakhudza pamphumi pomwe panali thukuta, ndipo thupi lonse linachita tsemwe. Anawerama n'kuika diso pabowopo. Kunja kunali dambo lobiriwira, ng'ombe zikudya, akakowa oyera akuyenda pambali pake, ndipo kutali phiri litaima m'nthunzi yabuluu. Miyezi inayi anali akugwira ntchito pamalowo, ndipo zonsezi zinalipo tsiku lililonse, koma iwo ankangoona chingwe ndi njerwa yotsatira. Kabowo kakang'ono ngati chikhatho ndi kamene kanawaonetsa dziko.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Napensulo motsitsa mawu.

"Khala chete, iwe," anayankha a Levulo, diso likadali pabowo.

Anachotsa kachiwiri popanda wowauza. Kachitatu. Atafika pa mabowo khumi ndi awiri, Napensulo anawagwira mkono n'kuloza kumwamba. Chipepala cha thumba la simenti chimene chinakodwa pa mtanda wa denga chinali chitayamba kugwedezeka, chikuwerama kuloza kunja. Mpweya wotentha unali kukwera n'kutulukira pa mpata wa pansi pa denga, wozizira ukulowa m'munsi kudzatenga malo ake. Panalibe magetsi, panalibe makina, panalibe munthu wokupiza. A Levulo anaima kukamwa kuli yasa. Anamangapo masukulu, masitolo ndi nyumba za anthu olemera, koma sanaganizepo kuti dothi loumbidwa lingakoke mpweya n'kuutulutsa ngati chifuwa cha munthu wamoyo. Anachita mantha pang'ono, mantha aja munthu amachita akaona chinthu chachikulu kumuposa.

"Ikupuma," anatero. "Iwe mwana, nyumbayi ikupuma!"

Amisiri pobwerako anapeza nkhalamba ili pa katawala, ikumenya khoma lake lomwe. Kalipentala, munthu wosasunga mawu m'kamwa, anavula chipewa.

"Anthuni bwerani mudzaone! Lero mbuzi yadya chingwe chake."

"Seka bwino," anayankha a Levulo osatembenuka. "Chitseko chako cha kumadzulo chapendekeka, ndachiyeza dzulo."

Awiri anatenga mahamala kuti athandize, koma a Levulo anawabweza. Anati wotseka ndi yemwe amadziwa pomwe anatseka, ndipo dzanja lachilendo lingang'ambe njerwa zoyandikana nazo. Zinali zoona, komanso panali china chimene sananene: bowo lililonse ankafuna aliyambe kusuzumira okha. Lina linkaonetsa nsonga ya phiri, lina nthambi ya mtengo, lina mtambo basi. Lachinayi lonse anagogoda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. M'manja munatuluka matuza, phewa linauma, ndipo kunja kwa khoma tinjerwa tinaunjikana mulu.

Lachisanu analawirira, mabowo otsala ali makumi awiri okha, a mzere wapamwamba. Atalowa m'holomo anaima pakhomo osatha kupita patsogolo. Dzuwa linali litangotuluka kuseri kwa phiri, likadali lotsika moti khonde silinalitchinge, ndipo linalowa pa bowo lililonse. Pansi ponse panali timadontho ta kuwala, mizeremizere, mpaka kukwera khoma la kumadzulo. Fumbi la m'mwamba linkanyezimira m'mizere ya kuwalayo. Nthambi zikagwedezeka kunja, timadonthoto tinkaphethira. A Levulo anatambasula dzanja, kadontho kamodzi kanakhala pachikhatho pawo, pamwamba pa matuza. Anavula chipewa osadziwa kuti akuvulira yani.

Pofika hafu naini anali atatsala ndi mabowo asanu ndi atatu. Napensulo anali pansi akusesa zidutswa, kapitawo akuzungulira ndi foni yake ngati nkhuku yofuna poikira. Ndi pamene mayi wina analowa, wochokera ku mzere wa chipatala chakale, mwana ali kumsana. Mwanayo anali akulira kulira kwa mwana wotentha thupi, kosalekeza, kotopetsa ngakhale womva. Mayiyo sanapemphe chilolezo kwa munthu, ndipo ankaoneka kuti sanagone masiku angapo. Anayang'ana uku ndi uku, nakakhala pa njerwa pafupi ndi khoma la mabowo, namasula mwana n'kumuika pamiyendo.

Kamphepo kanali katayamba. Kanagwedeza nsonga ya nsalu ya mayiyo. Mwanayo analira kawiri katatu, kenako anatembenuzira nkhope kukhomako n'kutsata ndi maso kadontho ka kuwala kamene kanatsalira pansi. Kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunatha, zikope zinagwa. Posakhalitsa mayi nayenso mutu unatsamira kukhoma.

A Levulo anali atakweza kale hamala. Anaitsitsa pang'onopang'ono n'kuigoneka pa thabwa.

"Mayi, muno simunatsegulidwe!" anafuula kapitawo akulowa. "Ndipo inu akulu, mwaimiranji? Magalimoto anyamuka kale, mabowo asanu ndi atatu akadali otseka!"

"Tsitsani mawu," anatero a Levulo.

"Mukuti chiyani? Akapeza khoma losatha, mudziwa kuti ntchito yanu yathera pomwepa?"

A Levulo anatsika pa katawala mwakachetechete, phazi limodzi limodzi, kusamala kuti thabwa lisalire. Anayang'ana Napensulo. Mtsikanayo anali ataimika tsache, misozi ili m'maso, ndipo anangogwedeza mutu kuvomereza. Nkhalambayo inamugwira kapitawo pamkono n'kumutulutsa panja ngati mwana wosokosa m'kalasi.

"Hamala silira muno mpaka mwana uyo adzuke yekha," anatero. "Akuluakulu anuwo akafika, muwauze alowe mwakachetechete, akhale pansi, adikire nawo."

Atatero anakoka njerwa ziwiri, nazisanjikiza pakhomo, nakhalapo kulondera.